Mafunso ndi mayankho okhudza Wi-Fi ya mu laputopu

Ndimakonza makompyuta pa boma pano ku Dedza. Anthu amabwera kuchokera ku Linthipe, ku Bembeke, ku Mayani, ena mpaka ku Lizulu ndi ku Tsangano, ndipo dandaulo limene ndimamva kwambiri ndi lakuti laputopu yasiya kugwira Wi-Fi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza pa benchi yanga. Ena ndawayankha motalika, chifukwa zimandiwawa kuona munthu atagulitsa matumba a mbatata ya kachewere n'kukagula chipangizo chatsopano, chonsecho vuto linali kawaya kongofunika kukanikiza ndi chala.

Kodi Wi-Fi ndi intaneti ndi chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo chisokonezo chambiri chimayambira pamenepa. Wi-Fi ndi kulankhulana kwa pa wailesi pakati pa laputopu yanu ndi chipangizo chimene chili pafupi: rauta (kabokosi kogawa intaneti m'nyumba kapena mu ofesi), MiFi (karauta kakang'ono koikamo SIM khadi) kapena foni imene mwayatsa hotspot. Basi. Intaneti imayambira pa chipangizocho kupita kunja, kudzera pa nsanja ya Airtel kapena TNM, pa waya wa fibre, kapena pa kambale ka Starlink kamene kanafika m'dziko muno mu 2023.

Wi-Fi ili ngati kanjira kochoka pakhomo panu kukalowa mumsewu wa M1. Kanjirako mukhoza kukasesa bwino, koma ngati msewu waukulu waduka, ku Lilongwe simufika. Timizere tonse ta Wi-Fi tikadzadza, tikungokuuzani kuti kanjira ka pakhomo kali bwino. Za msewu waukulu sitikunena kanthu.

Mkati mwa laputopu muli chiyani chimene chimagwira Wi-Fi?

Muli zinthu zitatu zogwirika ndi chimodzi chosagwirika.

Choyamba ndi kakhadi kakang'ono ngati sitampu ya ku positi. Mukatsegula chivundikiro cha pansi mudzakaona katamangidwa ndi sikuluwu imodzi, kawirikawiri pafupi ndi fani kapena RAM. Malaputopu akale, ambiri mwa amene timagula pa kaunjika, ali ndi khadi la mtundu wa Mini PCIe. Atsopano ali ndi la M.2, la mamilimita 22 m'mbali ndi 30 m'litali, n'chifukwa chake limatchedwa 2230. Amene amapanga makhadiwa si ambiri: Intel, Realtek, Qualcomm Atheros, Broadcom ndi MediaTek. Laputopu ikhoza kulembedwa HP kapena Dell pamwamba, koma khadi lake n'kukhala la mmodzi mwa amenewa. Kakhadi kameneka ndi wailesi yeniyeni, yolankhula ndi kumva. Kamatenga manambala amene kompyuta ikufuna kutumiza n'kuwasandutsa mafunde, ndipo mafunde obwera kamawasandutsanso manambala. Bluetooth nayo nthawi zambiri imakhala pa kakhadi komweko.

Chachiwiri ndi timawaya tiwiri towonda ngati ulusi wosokera nsapato, kamodzi kakuda, kena koyera kapena kotuwa. Kumapeto kwake kuli timitu tagolide timene timavala pa khadi ngati batani lokanikiza la pa malaya a mwana. Timawayati timachoka pa khadi, timadutsa m'mahinji pamene sikirini imapindikira, n'kukwera m'mbali mwa sikirini.

Chachitatu ndi milongoti. Anthu ambiri amadabwa ndikawauza kuti milongoti ya laputopu siili pansi pa kiyibodi. M'malaputopu ambiri ili pamwamba pa sikirini, kumanzere ndi kumanja kwa kamera, ndipo ndi timapepala tachitsulo tomatidwa kuseri kwa pulasitiki. Anaiika kumeneko kuti ikhale pamwamba, kutali ndi zitsulo komanso phokoso la magetsi la pa bolodi. Imakhala iwiri chifukwa mafunde m'nyumba amagunda makoma n'kufika mosiyanasiyana. Mlongoti wina ukamamva movutikira, unzake umathandiza, ndipo makhadi ambiri amatumiza pa yonse iwiri nthawi imodzi kuti liwiro lichuluke.

Chosagwirikacho ndi driver, kapulogalamu kamene kamamasulira pakati pa Windows ndi khadi. Khadi likhoza kukhala lamoyo, milongoti ili m'malo, koma popanda womasulirayu Windows imakhala ngati sikulidziwa.

Ndikadina Connect, chimachitika n'chiyani?

Zimachitika zambiri m'masekondi awiri kapena atatu, ndipo ndi bwino kuzidziwa chifukwa chilichonse mwa izo chikhoza kulephera pachokha.

Rauta imakhalira kulengeza dzina lake pafupifupi kakhumi pa sekondi iliyonse, ngati anyamata oitanira minibasi pa depoti. Laputopu imamvetsera tchanelo ndi tchanelo, n'kukulemberani mayina onse amene yamva. Mukasankha dzina limodzi, khadi limapempha kulowa, n'kudzitchula ndi nambala yake yobadwa nayo yotchedwa MAC address, ya zilembo ndi manambala 12.

Kenako pamabwera nkhani ya pasiwedi. Pasiwedi yanu siuluka mumphepo ayi. Laputopu ndi rauta zimapatsana mauthenga 4, chilichonse chimasakaniza pasiwediyo ndi manambala ongopeka pa nthawiyo, ndipo zikapeza yankho lofanana zimadziwa kuti zonse ziwiri zikudziwa chinsinsi chimodzi. Kuchokera pamenepo zimapanga kiyi wobisira chilichonse chimene zikutumizirana. Pasiwedi ikalakwika ndi chilembo chimodzi, mayankho amasiyana, khomo silitseguka.

Khomo likatseguka, laputopu imapempha adilesi, ndipo rauta imaibwereka nambala yonga 192.168.8.100, n'kuiuzanso kumene izikafunsa ikafuna kudziwa nambala ya dzina ngati google.com. Apa m'pamene Windows imayesa kufika kunja kuti ione ngati intaneti ilipodi.

Foni yanga ikuona Wi-Fi ya mu ofesi, koma laputopu sikuiona. Bwanji?

Kawirikawiri ndi nkhani ya 2.4 GHz ndi 5 GHz. Wi-Fi imayenda m'magulu awiri akuluakulu a mafunde. Malamulo ake, otchedwa 802.11, anakhazikitsidwa koyamba ndi bungwe la IEEE mu 1997, liwiro lake lili 2 Mbps yokha. Mu 1999 kunabwera 802.11b ya pa 2.4 GHz ndi 802.11a ya pa 5 GHz, mu 2003 kunabwera 802.11g, mu 2009 802.11n, kenako 802.11ac mu 2013, imene imayenda pa 5 GHz pokha. Pambuyo pake kunabwera 802.11ax, imene anthu amaidziwa kuti Wi-Fi 6.

Malaputopu ambiri otsika mtengo a zaka za m'mbuyomu anapatsidwa makhadi omva 2.4 GHz yokha. Foni ya masiku ano imamva zonse. Ndiye ngati rauta kapena hotspot yaikidwa pa 5 GHz, foni iziona, laputopu ikhala gonthi. Palibe chafa. Lowani mu hotspot ya foniyo, pezani pamene alemba AP band kapena Band, sankhani 2.4 GHz. Pa iPhone zatsopano yatsani Maximize Compatibility. Mukadali pomwepo, onaninso chitetezo: ngati chili pa WPA3, imene inabwera mu 2018, khadi lakale likhoza kukana. Ikani WPA2.

Kuti mudziwe zimene khadi lanu limamva, tsegulani Command Prompt, kawindo kakuda ka mu Windows kolembamo malamulo, lembani netsh wlan show drivers, muyang'ane mzere wa Radio types supported. Mukaona b, g ndi n zokha, ndi la 2.4 GHz. Mukaonapo a kapena ac, limamva 5 GHz.

Nanga pa ziwirizi yabwino ndi iti?

Zimatengera nyumba. Ya 2.4 GHz imafika patali ndipo imaboola makoma bwinoko, koma ndi yothinana: matchanelo osawombana alipo atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndipo Bluetooth nayo imadutsa momwemo. Ya 5 GHz ndi yothamanga ndiponso yotakasuka, koma imafooka msanga ikakumana ndi khoma. Mukakhala chipinda chimodzi ndi rauta, gwiritsani 5. Mukakhala kuseri kwa makoma awiri a njerwa zootcha, bwererani ku 2.4.

Dziwaninso kuti pa tchanelo chimodzi amalankhula mmodzimmodzi, ngati pa bwalo la mfumu. Aliyense amayamba wamvetsera ngati mnzake watsiriza. Choncho laputopu imodzi imene ili kutali, yolankhula pang'onopang'ono ndi kubwerezabwereza, imachedwetsa onse a mu ofesimo.

Kodi nkhungu ya kuno ndi chiperoni zimasokoneza Wi-Fi?

Funsoli limabwera chaka chilichonse mu June ndi July, phiri likabisala mu nkhungu. Pa mtunda wa m'nyumba, mamita 10 kapena 20, nkhungu ilibe mphamvu yotchinga Wi-Fi. Zimene zimatchinga zili pansi pomwepa. Malata ndiye mdani wamkulu, chifukwa chitsulo chimabweza mafunde ngati galasi likubweza dzuwa. Rauta ikakhala m'nyumba ina inu muli m'nyumba ina, kapena shopu yanu ndi kontena, musayembekezere zambiri. Kabati yachitsulo ya mafayilo, firiji, mgolo wodzadza madzi, ngakhale kalasi yodzadza anthu, zonsezi zimadya mafunde.

Ndalowa m'maofesi angapo n'kupeza rauta itatsekeredwa mu kabati yachitsulo poopa akuba. Mantha amenewo ndimawamvetsa, koma ndi bwino kuikhomera pakhoma pamwamba, pakati pa nyumba, masana izigwira ntchito, madzulo n'kuichotsa.

Chimene chinyezi cha kuno chimachita ndi china: chimadyetsa dzimbiri timitu ta timawaya ndi mano a khadi, makamaka laputopu ikamagona pa simenti kapena pafupi ndi zenera. Isungeni m'chikwama, pamalo ouma.

Yalemba Connected, koma pansi pake No internet. Ndichite chiyani?

Khadi lanu lili bwino, musalole munthu kulichotsa. Yambirani pa foni kapena MiFi. Kodi bandulo ilipo? Ndipo ndi bandulo yanji? Ya WhatsApp kapena Facebook yokha situlutsa masamba ena pa laputopu. Tsegulani tsamba lililonse pa foni yomweyo. Likakana pamenepo, vuto lili kunja.

Kwa ife a m'malire pali chinthu china chimene anzathu a ku Kasungu boma kapena ku Zomba sakumana nacho kwenikweni. Pa Lizulu msewu womwewo ndiwo malire, ndipo m'madera ambiri a Dedza ndi Ntcheu foni imatha kudumphira pa nsanja ya ku Mozambique, n'kulemba Vodacom kapena Movitel pamwamba, nthawi zina ndi kachilembo ka R. Zikatero bandulo yanu ya kuno siigwira, ngakhale hotspot ikuoneka yamphamvu. Lowani pa Mobile networks, zimitsani kusankha kwa automatic, musankhe nokha netiweki yanu.

Ngati foni ikutsegula masamba koma laputopu ayi, lembani ipconfig mu Command Prompt. Adilesi ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti laputopu inapempha adilesi koma sinayankhidwe, n'kudzipatsa yokha yosapita kulikonse. Zimitsani rauta kapena hotspot, dikirani pang'ono, yatsaninso. Zikakanika, chitani Forget pa dzina la Wi-Fi, mulowenso mwatsopano.

Onaninso tsiku ndi nthawi pakona ya sikirini. M'malaputopu akale kabatire kakang'ono kosunga nthawi kamatha, deti n'kubwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo masamba amayamba kukana ndi uthenga wakuti Your connection is not private. Konzani deti, mudzaona atseguka.

Chizindikiro cha Wi-Fi chasoweratu. Kodi khadi lapsa?

Makhadiwa sapsa wamba. Yambani ndi zapafupi. Onani ngati Airplane mode yayaka. Pa kiyibodi pali batani lojambulidwa kandege kapena kansanja, lodinidwa limodzi ndi Fn, ndipo ana amalidina osadziwa. Malaputopu ena akale ali ndi kaswitchi m'mbali kapena kutsogolo, kamene kamasuntha poika m'chikwama.

Ngati Wi-Fi inasowa mutangoika Windows yatsopano, ndi driver. Tsegulani Device Manager, malo a mu Windows oonetsa zipangizo zonse za mu laputopu. Mukaona Network Controller ili ndi kachizindikiro kachikasu, khadi lilipo, likungosowa womasulira. Idineni ndi batani la kumanja la mausi, kenako Properties, Details, Hardware Ids. Manambala otsatira VEN akuuzani mwini khadi: 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 168C ndi Atheros, 14E4 ndi Broadcom, 14C3 ndi MediaTek.

Mwina mufunsa kuti driver mumutenga bwanji pamene intaneti yomweyo palibe. Lumikizani foni ku laputopu ndi waya wa chaja, muyatse USB tethering. Intaneti idzadutsa pa wayapo osafuna Wi-Fi. Katengeni driver pa tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo, polemba modelo imene ili pa kapepala ka pansi. Mapulogalamu olonjeza kukupezerani ma driver onse nthawi imodzi ine sindiwakhulupirira. Ambiri amabwera ndi zinyalala zina.

Ngati mu Device Manager mulibe chilichonse chokhudza Wi-Fi, apo ndiye titsegule. Nthawi zambiri kuchotsa khadi, kupukuta mano ake ndi kulibwezera kumakwanira.

Imagwira pokhapokha ndikakhala pafupi penipeni ndi rauta. Ndikasuntha pang'ono yataya.

Awa ndi matenda a milongoti, ndipo ndi amene amadyetsa anthu ndalama kwambiri.

Tsiku lina kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa ku pulayimale, atakulunga laputopu mu chitenje. Anati, "Achimwene, andiuza kuti khadi linafa, ndigule lina. Ndiye ndati ndimve kaye kwa inu." Ndinawafunsa ngati laputopuyo inatsegulidwapo. Anati miyezi iwiri m'mbuyomo mwana anaigwetsa, ndipo anakasinthitsa sikirini kwina. Kuyambira pamenepo ankachita kuika foni pamwamba pa kiyibodi kuti alembetse ana mayeso, akaisunthira pa tebulo lina basi yaduka.

Nditatsegula pansi, kawaya kakuda kanali pamalo pake koma kotayirira, ndipo koyera kanali lende pambali pa fani, kamutu kake kagolide katada ndi fumbi. Ndinakapukuta, n'kukayika molunjika pa kabowo kake, n'kukanikiza ndi chikhadabo mpaka kanalira kuti thi. Chimodzimodzi kakuda. Ndinawapempha kuti atuluke ndi foni yawo panja. Anafika mpaka patsidya pa msewu, timizere tili todzadza. Anabwerera akuseka, nati, "Ndiye ndalama ija ndikagulira feteleza."

Timawayati timadukiranso m'mahinji, makamaka hinji ikalimba kapena ikathyoka anthu n'kumapitiriza kutsegula mokakamiza. Chizindikiro chake n'chakuti Wi-Fi imabwera ndi kupita mukamasuntha sikirini. Mukaona hinji yayamba kulira kapena pulasitiki ikutukuka pakona, ikonzetseni msanga isanadule waya.

Mukafuna kuyesa nokha, lembani netsh wlan show interfaces muli pafupi ndi rauta, muone pa Signal. Ikakhala yotsika kwambiri pamene foni pamalo omwewo yadzadza, ganizirani za milongoti. Ndipo ngati mutsegula nokha, chotsani chaja ndi batire kaye. Timitu timeneti ndi tosalimba: tikokeni molunjika m'mwamba, osati cham'mbali, chifukwa kabowo ka pa khadi kakazuka ndiye kuti khadi lathadi.

Kodi ndingasinthe khadi n'kuika lamphamvu?

M'malaputopu ambiri n'zotheka, koma musagule musanatsegule n'kuona. Mini PCIe ndi M.2 sizilowerana, ndipo timitu ta timawaya take n'tosiyana kukula, ta M.2 ndi tating'ono kwambiri. Malaputopu ena opyapyala khadi analiwotcherera pa bolodi, silichoka. Ena akale a Lenovo ndi HP amakana khadi lachilendo: ThinkPad imaima poyaka n'kulemba 1802, HP imalemba 104. Pa makhadi a Intel samalaninso: AX200 ndi AX210 amagwira m'malaputopu ambiri a M.2, koma AX201 imafuna bolodi ya Intel yogwirizana nayo, ngakhale maonekedwe ake ndi ofanana.

Njira yachidule ndi kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB. Kamathandiza khadi likafadi kapena likakhala lowotcherera. Tating'ono kwambiri tija mlongoti wake ndi wochepa, sitifika patali. Ngati muli kutali ndi rauta, gulani kokhala ndi kamlongoti koonekera.

Koma ndinene mosabisa: ngati intaneti yanu imachokera pa hotspot ya foni imene ikugwira timizere tiwiri ta netiweki kuseri kwa phiri, khadi latsopano silisintha kanthu. Khadi lakale la 802.11n limatha kale kunyamula zoposa zimene nsanjayo ikukupatsani. Chothandiza ndi kuika foni pa zenera loyang'ana kumene kuli nsanja, inu n'kukhala ndi laputopu chapafupi.

Ndikangolumikiza laputopu, bandulo imatha ngati madzi a mu dengu. Chikudya n'chiyani?

Windows ikaona Wi-Fi imayesa kuti yafika padambo pa msipu waulere. Imayamba kukoka ma update, OneDrive imayamba kutumiza mafayilo, mapulogalamu ena nawonso amadzikonza. Iuzeni kuti intaneti imeneyi ndi yogula: Settings, Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotspot yanu, muyatse Metered connection. Muchite zimenezi pa dzina lililonse palokha, ndipo muchite mukangolumikiza, musanatsegule china chilichonse. Pa Data usage mudzaona pulogalamu imene yadya kwambiri.

Ma update musawathawe mpaka kalekale, chifukwa ndi amene amatseka mipata yolowera mavairasi. Apezereni nthawi pamene muli ndi bandulo yaikulu kapena ya usiku.

Aneba akundibera Wi-Fi. Ndingawatseke bwanji?

Sinthani pasiwedi, ndipo onse amene anali nayo agwa nthawi yomweyo. Ya WPA2 imayambira zilembo 8 mpaka 63. Nambala yanu ya foni, dzina la mwana ndi chaka chobadwa, kapena 12345678, zimenezo mnyamata wa pa mpanda amazipeza tsiku limodzi. Lumikizani mawu atatu kapena anayi a Chichewa osagwirizana, muonjezere manambala. Ngati rauta yanu idakali pa chitetezo chakale cha WEP, ichotsenipo lero, chifukwa loko ameneyo anathyoledwa kalekale. Kumbukiraninso kuti mafoni a masiku ano amaonetsa pasiwedi pa QR code, choncho mukapatsa mmodzi mwapatsa anzake onse. Pa foni kapena MiFi pali malo oonetsa zipangizo zimene zalumikizidwa; muziyang'anapo.

Pa Wi-Fi ya pa malo ogona alendo kapena odyera, Windows ikafunsa, sankhani Public network, ndipo za ku banki muzichitira pa data yanu.

Kodi mafunde amenewa sadwalitsa?

Ndi mafunde a wailesi, a gulu limodzi ndi a foni, ndipo mphamvu ya khadi la laputopu ndi yochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a watt kapena kucheperapo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti palibe umboni wokhutiritsa wakuti mafunde ofooka chotere amadwalitsa. Kutentha kumene mumamva pa ntchafu kumachokera ku purosesa ndi batire. Ikani laputopu pa tebulo, osati pa bulangeti, kuti fani izipuma.

Ndikamapita nayo kwa okonza, ndinyamule chiyani?

Nyamulani chaja ndi foni kapena MiFi yomwe mumagwiritsa ntchito kunyumba, chifukwa nthawi zambiri vuto limapezeka kumeneko. Fotokozani chimene chinachitika lisanayambe: inagwa, inanyowa, inasinthidwa sikirini, kapena inaikidwa Windows ina. Pemphani kuti aitsegule inu muli pompo, akuonetseni khadi ndi timawaya tiwiri tija, ndipo ayambe ayesa khadi lina musanalipire. Akasintha, lakale mutenge.